Pensulo M'thumba la Qur'an: Azungu Amene Analemba za Haji

Kumapeto kwa Juni chaka cha 2024, chisanu chitayamba kuluma makutu muno mu Lilongwe, mkulu wina amene tinayandikana naye nyumba ku Kawale anabwerako ku Haji, ulendo wopatulika wa Asilamu wa ku Makkah. Anapita ali bambo wogulitsa zitsulo za njinga, anabwera ali a Alhaji. Pakhonde pawo panayalidwa mikeka, anthu ali pikitipikiti kulowa ndi kutuluka, Asilamu ndi ife a mipingo ina, poti chimwemwe cha mnansi sichifunsa kumene umapemphera. Mayi a m'nyumbamo ankazunguliza mbale ya tende. A Alhaji eni ake anakhala pampando atakumbatira chigubu cha malita 5 cha madzi a Zamzam, n'kumathira pang'onopang'ono m'tikapu tonga tomwetsera ana mankhwala, kuti aliyense alaweko.

Nditalandira kanga ndinawafunsa za Kaaba, nyumba yopatulika yokutidwa ndi nsalu yakuda imene ili pakati pa mzikiti waukulu wa ku Makkah. Ndinati, "Bambo, Kaaba ija mutaiona ndi maso anuwa, munamva bwanji?"

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. "Mwanawe, m'ndege monse ndinkakonza madua. Nditangoiona, onse anathawa. Ndinangolira."

Yankho lonse linali lomwelo. Linandikumbutsa munthu wina amene anaima pamalo omwewo zaka 171 m'mbuyo mwake, naye mtima uli phaphapha, koma pa chifukwa china. Richard Burton, msilikali wa ku England, analowa mu Makkah mu 1853 atadzisandutsa Msilamu. M'buku lake anavomera poyera kuti anzake amene ankalira pambali pake ankalizidwa ndi chikhulupiriro, pamene iye chimene chinam'dzadza chinali kunyada kuti wakwanitsa. Iye sanathe mawu ngati a Alhaji athu. Analemba mabuku atatu athunthu, ndipo mpaka lero Mzungu wofuna kuwerenga za ulendo wa ku Makkah nthawi zambiri amayambira kwa iye.

Pali mtundu wonse wa mabuku otere: nkhani za ulendo wa Haji zolembedwa m'zilankhulo za ku Ulaya, kulembera anthu amene sanapondeko ndipo mwina sadzapondako. Muzu wake ndi khomo lotseka. Makkah, umene Azungu amalemba kuti Mecca, ndi mzinda umene munthu wosakhala Msilamu saloledwa kulowamo. Lamuloli alitsamiritsa pa ndime 28 ya Sura 9 ya Qur'an, ndipo lero pamsewu wochokera ku Jeddah pali zikwangwani zikuluzikulu zolozera Asilamu njira yolowera mumzinda, ena onse njira yolambalala. Tonse tikudziwa zimene zimachitika pamudzi nyumba ina ikamakhala yotseka masana: anthu amayamba kupeka za m'katimo. Kwa zaka mazana ambiri, ku Ulaya kunkayenda nkhani yoti bokosi la maliro la Mtumiki Muhammad lili lende m'malere ku Makkah, miyala ya maginito italigwira. Chonsecho manda a Mtumiki ali ku Madinah, mtunda wa makilomita oposa 400 kumpoto, ndipo ali pansi ngati manda ena onse. Munthu wobwera ndi nkhani yoona ndi maso kuchokera kumalo otere sakanasowa omugula buku.

Kuti tiweruze bwino olembawa, tiyambe tadziwa chimene ankayesa kufotokoza. Haji ndi nsichi yachisanu ya Chisilamu, yokakamizidwa kamodzi pamoyo kwa amene ali ndi thanzi ndi chuma chokwanira. Imachitika kuyambira pa 8 mpaka pa 12 kapena 13 mwezi wa Dhul Hijjah, ndipo poti chaka cha Chisilamu n'chachifupi ndi masiku ngati 11 poyerekeza ndi chimene timawerengera ife, Haji imasendera m'mbuyo chaka ndi chaka, nthawi zina kugwera m'chisanu, nthawi zina m'ng'anjo ya chilimwe cha Arabia. Munthu asanafike m'malire opatulika amavala ihiramu. Kwa mwamuna ndi nsalu ziwiri zoyera zosasoka, ina m'chiuno, ina paphewa. Nduna ndi wokwetsa kabaza amafanana. Pakamwa pamakhala mawu amodzi, "Labbayka Allahumma labbayk," ndiko kuti ndabwera, Mulungu wanga, ndayankha kuitana kwanu. Amazungulira Kaaba ka 7, iyo ili kudzanja lamanzere. Amayenda ka 7 pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa pokumbukira Hajar, mayi amene anathamangathamanga kufunira madzi mwana wake Ismail mpaka kasupe wa Zamzam anatumphuka. Amagona m'matenti ku Mina. Pa 9 amapita ku Arafat, makilomita ngati 20 kuchokera ku Makkah, kukaima ndi kupempha chikhululuko kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndipo tsikuli ndilo mtima wa zonse: wophonya Arafat waphonya Haji. Usiku amagona panja ku Muzdalifah n'kutola timiyala, m'mawa amakagenda zipilala ku Mina, amazinga nyama, amameta. Tsiku lozingalo ndilo Idi ya nsembe imene anansi athu amatigawira nyama ya mbuzi kuno ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25.

Asilamu eni ake anayamba kale kulemba za ulendowu. Ibn Jubayr ananyamuka ku Granada mu 1183 n'kulemba tsiku ndi tsiku. Ibn Battuta anachoka ku Tangier mu 1325 ali ndi zaka 21 kuti akachite Haji, ndipo miyendo inam'tengera mpaka ku Kilwa mu 1331, Kilwa yomwe ija imene pambuyo pake inadzakhala mathero a njira za malonda zochokera kunyanja kwathu kuno. Koma awa ankalembera anzawo odziwa kale tanthauzo la Arafat. Ankawauza za njira, zitsime, mashehe amene anakumana nawo, akuluakulu a msonkho adyera. Mzungu wolembera Azungu anali ndi ntchito ina: kufotokoza chilichonse kuyambira pachiyambi, kwa owerenga amene ambiri anali ataweruza kale. Ndiye zimene analemba zinadalira kwambiri khomo limene iye mwini analowera.

Oyamba analowera khomo la usilikali ndi la ukapolo. Ludovico di Varthema wa ku Bologna anafika ku Makkah mu 1503 atalowa m'gulu la asilikali operekeza apaulendo ochokera ku Damascus, ndipo buku lake linatuluka mu 1510. Anatsutsa bodza la maginito lija, ngakhale kuti pa zina naye ankathira mchere wambiri. Amene amandigwira mtima ndi Joseph Pitts wa ku Exeter. Anagwidwa panyanja ndi achifwamba a ku Algiers mu 1678 ali mnyamata, anagulitsidwa ngati kapolo, anamenyedwa mpaka analowa Chisilamu pakamwa pokha, kenako mbuye wake wachitatu, nkhalamba yachifundo, anam'tenga ku Haji n'kum'masula. Atathawa n'kubwerera kwawo anatulutsa buku mu 1704. Pitts anali ndi zifukwa zonse zodana ndi Chisilamu, ndipo ankafunitsitsa kuti a mpingo wake am'khululukire, choncho m'bukumo mnyozo ulimo wokwanira. Koma atafika pa Arafat cholembera chinam'kanika kunyoza. Analemba kuti kuona anthu masauzande ali mitu pamtunda, misozi ili chuchuchu m'masaya, akupempha chikhululuko, chinali chinthu cholasa mtima. Kapolo amaona zimene bwana saona, chifukwa amagona pamene ena onse agona.

Kenako kunabwera odzibisa, ndipo awa ndiwo anapatsa mabuku amenewa fungo limene ali nalo mpaka lero. Domingo Badía wa ku Barcelona anafika mu 1807 akudzitcha Ali Bey, mwana wa mafumu. Johann Ludwig Burckhardt wa ku Switzerland anatumidwa ndi bungwe la African Association la ku London kuti akafufuze za mtsinje wa Niger. Anayamba wakhala ku Aleppo kuphunzira Chiarabu ndi malamulo a Chisilamu, anatenga dzina la Ibrahim, ndipo anachita Haji mu 1814. Ku Niger sanafikeko. Anamwalira ndi kamwazi ku Cairo mu 1817 n'kuikidwa m'manda a Asilamu, ndipo akatswiri akukanganabe ngati analowa Chisilamu ndi mtima kapena ndi nsalu yokha. Kulemba kwake n'kodekha: misewu ya Makkah, mitengo ya zinthu pamsika, kumene madzi amachokera. Anali wosamala moti Burton, munthu wosakonda kuyamikira anzake, anakopera masamba ake ena ofotokoza mzikiti waukulu m'buku lake.

Burton ndiye nkhani. Anali wodziwa zilankhulo zambiri, ndipo ulendo wake unathandizidwa ndi bungwe la Royal Geographical Society. Poyamba anadzisandutsa munthu wa ku Persia, koma ataona kuti anthu a kumeneko ankanyozedwa m'njira, anasintha n'kukhala Abdullah, sing'anga wa mtundu wa Pathan wobadwira ku India. Anachenjera pamenepo, chifukwa Chiarabu chake chikapotoka anthu ankangoti ndi mlendo wa ku India. Anakwera chombo ku Suez, anatsikira ku Yanbu, anapita ku Madinah, kenako ku Makkah ndi gulu la ngamila lochokera ku Damascus. Apaulendo ankakoleka paphewa kathumba konyamuliramo Qur'an yaing'ono. Burton anali nako kotere, koma m'kati mwake munali wotchi, kampasi, ndalama, mapensulo ndi timapepala totha kubisika m'chikhatho. Atapeza mwayi wolowa m'kati mwenimweni mwa Kaaba, anthu akum'yesa kuti akupemphera, anajambula mapu a chipindacho ndi pensulo pa ihiramu yake yoyera. Iye mwini anati ankadzimva ngati khoswe wogwidwa mumsampha.

Nsalu imeneyo ndi imene a Alhaji athu a ku Kawale aipinda bwinobwino n'kuisunga m'sutikesi, chifukwa ambiri amafuna kuti idzakhale sanda yawo. Kwa wina ndi chovala chokakumana nacho ndi Mulungu, kwa wina linali pepala.

Sindikufuna kum'peputsa Burton. Anali ndi diso, ndipo akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Analemba zimene eni ake ankaziona ngati zosafunika kulemba: mmene munthu amamwera madzi, mmene amakhalira pansi, zimene ogulitsa amakuwa pamsika, mmene eni nyumba a ku Makkah ankakolorera pa alendo. Wolemba mbiri wa lero, Msilamu kapena ayi, amapezamo zambiri. Koma m'buku lake ngwazi ndi Burton. Haji ndi bwalo chabe limene iye akuvinapo, ndipo funso limene limakoka wowerenga kuchokera tsamba lina kupita lina si lakuti anthuwa akufunanji kwa Mulungu, koma lakuti kodi am'gwira kapena sam'gwira. Anthu amene anam'dyetsa, kum'bwereka ngamila ndi kum'tchula m'bale anali kunamizidwa tsiku lililonse. Ngakhale kwawo ena anaipidwa nazo. Charles Doughty, amene anayenda ndi gulu la Haji la ku Damascus mu 1876, anakana kudzibisa, anayenda poyera ngati Mkhristu, anazunzika nazo, ndipo ku Makkah sanalowe.

Ife a kuno nkhani yolembedwa ndi mlendo si yachilendo. Burton yemweyo, zaka 5 atachoka ku Makkah, anali pagombe la nyanja ya Tanganyika ndi John Speke mu 1858. Chaka chotsatira, mu 1859, David Livingstone anafika panyanja yathu, ndipo ena a ife tinakwapulidwa ku pulayimale chifukwa choiwala kuti iye ndiye "anaitulukira", ngati kuti makolo athu amene ankawedzamo chambo anali asanaione. Owerenga amene ankagula mabuku a Livingstone ku London ndi omwewo amene ankagula a Burton. Amene anawerengapo mmene alendo oyamba analembera za Gule Wamkulu, zoona zina zilimo koma mtima wake mulibe, amva msanga mmene Msilamu amamvera akamawerenga za Haji m'mabuku akalewa.

Chidwi cha Azungu sichinali cha kuwerenga kokha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Britain inkalamulira Asilamu ochuluka kuposa mfumu iliyonse ya Chisilamu, Netherlands inkalamulira zilumba zimene lero ndi Indonesia, France inali ku Algeria. Sitima za nthunzi ndi ngalande ya Suez, imene inatsegulidwa mu 1869, zinachulukitsa opita ku Haji. Atsamunda ankaopa zinthu ziwiri. Choyamba ndi matenda: mu 1865 kolera inapha anthu masauzande pa Haji n'kufalikira ku Egypt mpaka ku Ulaya, ndipo chaka chotsatira mayiko anachita msonkhano ku Constantinople pa nkhaniyi. Pambuyo pake apaulendo ochokera kum'mawa ankayamba atsekeredwa pachilumba cha Kamaran kuti awapime. Chachiwiri ndi ndale: anthu olamulidwa ndi atsamunda osiyanasiyana ankakumana pamalo amodzi pamene bwanamkubwa aliyense sakanatha kumvetsera zokamba zawo. Boma la Britain ku India linafika mpaka popatsa kampani ya Thomas Cook, yonyamula Azungu okaona malo, ntchito yoyendetsa ulendo wa Haji kuyambira 1886 mpaka 1893.

Apa ndi pamene pakulowa Christiaan Snouck Hurgronje wa ku Netherlands, katswiri weniweni wa Chiarabu. Anatenga dzina la Abd al-Ghaffar n'kukhala mu Makkah pafupifupi theka la chaka mu 1885, koma anathamangitsidwa Haji isanayambe. Buku lake lotchedwa Mekka limafotokoza moyo wa tsiku ndi tsiku wa mzindawo mozama kuposa onse am'mbuyo: maukwati, maphunziro a mumzikiti, ndi anthu ochokera ku Java ndi Sumatra amene ankakhala kumeneko. Anthu amenewa ndiwo boma lake linkafuna kuwadziwa. Pambuyo pake anakhala mlangizi wa atsamunda pa nkhondo ya ku Aceh, dera la ku Sumatra, ndipo nzeru zimene anatola atakhala pamkeka ndi mashehe anazigwiritsa ntchito pogonjetsa Asilamu. Palinso kena: zithunzi zambiri za Makkah ndi za Haji zimene zinatuluka m'dzina lake anajambula ndi dokotala wa m'mzindamo, al-Sayyid Abd al-Ghaffar (wa dzina lofanana ndi lija Snouck anatenga), amene dzina lake linakhala mumthunzi kwa zaka zambiri. Wolima ndi wina, wotchuka ndi wina.

Zaka za m'ma 1900 zinabweretsa olemba olowera pakhomo la kutsogolo, Azungu olowa Chisilamu poyera. Lady Evelyn Cobbold, mayi wa banja lapamwamba la ku Britain amene ali mwana ankakhala nyengo yozizira ku Algiers, anachita Haji mu 1933 ali ndi zaka 65, atapatsidwa chilolezo ndi Mfumu Ibn Saud, ndipo buku lake linatuluka mu 1934. Iye anakhala ndi amayi m'zipinda zawo, kumene Burton ndi anzake ankangoyerekeza ali kunja kwa mpanda. Leopold Weiss, Myuda wobadwira ku Lemberg mu 1900, mtolankhani, analowa Chisilamu mu 1926 n'kukhala Muhammad Asad, ndipo buku lake la 1954, The Road to Mecca, silikamba za kuzemba alonda koma za munthu amene Ulaya inam'siya ndi ludzu. Kwa awa funso linatembenuka. Wowerenga sakufunsanso kuti am'gwira kodi, akufunsa kuti n'chiyani chinam'koka munthu wonga ine.

Koma masamba amene anagwedeza anthu ambiri sanalembedwe ndi Mzungu. Malcolm X, munthu wakuda wa ku America amene kwa zaka zambiri ankalalikira kuti mzungu ndi mdierekezi, anapita ku Haji mu Epulo 1964. Ku Jeddah anayamba aimitsidwa mpaka khoti litatsimikiza kuti ndi Msilamu weniweni. Kalata imene analemba ali kumeneko inati anadya m'mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi ndi kugona pamphasa imodzi ndi Asilamu a maso obiriwira ndi tsitsi loyera, ndipo zimenezi zinam'kakamiza kuganizanso. Anaphedwa mu Febuluwale 1965. Naye, tinene zoona, ankalembera America za America. Makkah inali kalilole. Analandiridwa ngati mlendo wa boma, ndipo sanakhalitse mokwanira kuti aone kuti tsankho la khungu nalo ku Arabia liliko. Saudi Arabia inali itathetsa ukapolo mwalamulo zaka ziwiri zokha m'mbuyo mwake, mu 1962.

Mfundo ya ukapoloyi ndiyo imandipweteka ndikamawerenga mabuku akale aja, chifukwa m'menemo anthu akuda tilimo, koma opanda mayina. Burckhardt, Burton ndi Snouck onse analemba za akapolo ochokera ku Africa amene ankagulitsidwa ku Hijaz, dera limene kuli Makkah ndi Madinah, ndipo Snouck anafika poikira kumbuyo mchitidwewo kuti si wankhanza monga Azungu anzake ankanenera. M'zaka za Burton ndi Snouck zomwezo a Jumbe anali ku Nkhotakota, ndipo anthu ankawolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa ndi Zanzibar. Analembanso za amphawi ochokera kumadzulo kwa Africa amene ankayenda pansi zaka zingapo kudutsa Sudan, kulima ganyu m'njira kuti apeze kamba, ena osafika n'komwe. Ngati panali anthu amene anali ndi nkhani ya ulendo yoyenera buku, ndi amenewa. Koma m'mabukumo amangodutsa ngati mbuzi zodutsa kuseri kwa munthu amene akujambulitsa.

Vuto lina ndi la mawu. Wolembera anthu osadziwa amakakamizika kufanizira, ndipo fanizo lililonse limabwera ndi katundu wake. Kwa nthawi yaitali Azungu ankatcha Asilamu "Mohammedans", poganiza kuti monga Akhristu apembedza Khristu, awa apembedza Muhammad, chinthu chimene Msilamu aliyense amakana ndi mphamvu. Akaona anthu akukankhana kuti apsompsone Mwala Wakuda umene uli pangodya ya Kaaba, ankati ndi fano. Chonsecho m'mabuku a Hadith, osunga mawu ndi zochita za Mtumiki, muli mawu a Umar, khalifa (mtsogoleri wa Asilamu pambuyo pa Mtumiki) wachiwiri, akuuza mwalawo kuti akudziwa kuti ndi mwala chabe wosathandiza kapena kupweteka, ndipo akanapanda kuona Mtumiki akuupsompsona, iye sakanatero. Kugenda zipilala ku Mina, atolankhani amakukonda chifukwa kumaoneka bwino pa kanema, ndipo amangoti akugenda Satana, ngati kuti anthuwa akukhulupirira kuti Satana wamangidwa pa simenti. Amene anagendako amanena kuti ankakumbukira Mneneri Ibrahim (Abrahamu) pokana mayesero, ndipo mwala uliwonse ankaponyera chilakolako chake chimene akuchidziwa yekha. Zooneka zimalembeka mosavuta. Kuima pa Arafat, kumene kulibe kuzungulira, kulibe kugenda, kuli anthu chabe atakweza manja, ndiko kumavuta kulemba, ndipo ndiko Haji.

Masiku ano chinsinsi chimene chinkagulitsa mabuku aja chinatha. Mzikiti wa Makkah umaonetsedwa pa kanema usana ndi usiku, ndipo mwana wa ku Mchesi akhoza kuona tawafu, mwambo wozungulira Kaaba uja, pa YouTube bandulo ikalola. Mu 2012 British Museum ku London inachita chionetsero chachikulu cha Haji. Olemba a lero ambiri ndi Asilamu obadwira kapena okhala ku Ulaya ndi America, ndipo nkhani zawo zasintha. Amadandaula za nsanja ya wotchi yotalika mamita 601 imene yaima pamwamba pa Kaaba ngati mlonda, yomangidwa pamene panali linga lakale la Ajyad limene linagumulidwa mu 2002. Amalemba za mahotela a anthu olemera ndi matenti osiyana mitengo pa mwambo umene cholinga chake n'kufananitsa anthu. Amalembanso za chiwerengero: mu 2019 kunali anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, mu 2020 mliri wa Covid-19 unachititsa kuti aloledwe ochepa kwambiri okhala m'dzikomo, ndipo mu 2024, chaka cha a Alhaji athu, kunali anthu oposa 1.8 miliyoni. Kutentha kunapitirira madigiri 51, ndipo boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri mwa iwo opita opanda chilolezo, amene analibe matenti ozizira kapena mabasi.

Dziko lililonse limapatsidwa malo, pafupifupi 1,000 pa Asilamu 1 miliyoni aliwonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 aliwonse m'Malawi muno. Chimene chimatsekereza ambiri kuno ndi thumba, chifukwa ulendowu mtengo wake umayendera dola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasonkha zaka zambiri anadzuka m'mawa n'kupeza kuti Makkah yasendera kutali. Wina amagulitsa ng'ombe, wina ana ake a ku Joni amam'sonkhera. Akakwera ndege pa Kamuzu International Airport, kudzera ku Addis Ababa, ena kumakhala kuyamba kukwera ndege, ndipo ihiramu amavalira m'njira kapena pabwalo la ndege, nkhalamba ikulimbana ndi nsalu yosasoka kuti isavuke pagulu. Mabuku onse ndatchulawa, kuchokera kwa Varthema mpaka kwa Malcolm X, mulibe tsamba limene lili ndi zimenezi.

Madzulo a tsiku lija, alendo atachepa, a Alhaji anayamba kumasuka. Mdzukulu wawo wamkazi anatsamiritsa foni pa ketulo kuti awajambule. Sanakambe za kutalika kwa Kaaba kapena za golide wa pansalu yake. Anakamba za usiku wa ku Muzdalifah, pamene nkhwaira imodzi inawathawa m'chipwirikiti, n'kuyenda ndi phazi limodzi lopanda kanthu pa phula lotentha ngati chiwaya cha chipisi, ngakhale dzuwa linali litalowa kale. Mkulu wina wa ku Indonesia, wamfupi, wa ndevu zowerengeka, anawakoka dzanja n'kuwakhazika pa katoni yake, anatulutsa masilipasi ena m'chikwama, aang'ono moti chidendene chinkatsalira kunja.

"Ndiye munkalankhulana bwanji, agogo?" anafunsa mdzukuluyo.

"Chilankhulo chanji? Iye amangoti 'Sabr, haji, sabr.' Ine n'kumati 'Zikomo, achimwene.' Tinagona mitu pamodzi ngati ana a mimba imodzi. Kutacha sindinamuonenso."

Anatuma mwana kuti akatenge masilipasiwo m'chipinda. Anali obiriwira, a pulasitiki, amodzimodzi ndi amene amagulitsidwa mumsika wa Lilongwe, lamba wina atamangidwa ndi kawaya. Tikuwapatsirana m'manja, azana ya Magharibi inamveka kuchokera kumzikiti wa kumtunda. A Alhaji anadzuka, anapempha madzi a wuzu, odziyeretsera asanapemphere, ndipo mdzukulu uja atayang'ana foni anapeza kuti inali itazima kalekale, nkhani ya katoni isanayambe.